Alamu Anga a Blasius ndi Mabenchi a kwa Chande

Alamu anga a Blasius Likaka ndi munthu woti mukawapatsa moni, amayamba asuzumira kumbuyo kwanu kuti aone ngati mwabwera ndi wina. Tsiku limene anabwera kwathu kudzafunsira mlongo wanga Sabina tinawaphera tambala wonenepa bwino, iwo n'kumuyang'ana m'mbalemo, n'kufunsa kuti, "Kodi ameneyu amadwala chiyani?" Amayi anafuna kuthetsa ukwatiwo pomwepo. Ndine ndinawapepesa. Ndinati munthu wotere mbava sizingamubere, ndiye mlongo wathu asungika.

Ine ndine Jasten. Ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa bwemba, kuseri kwa siteshoni ya Balaka. Sukulu ndinalekera Sitandade 1 chifukwa ine ndi chikwapu sitinkamvana, choncho mukaona mawu ena apendekeka musadabwe. Koma nkhaniyi si yanga. Ndi ya alamu angawo, ndi mmene anasankhira sukulu imene akuphunzitsa mpaka lero.

Makolo a a Blasius anali Alomwe, anawoloka kuchokera kwa Apwitikizi iwo ali kumsana. Anakulira ku mishoni akutumikira misa, ndipo ansembe ataona kuti mutu ukugwira anawatumiza kukaphunzira uphunzitsi. Setifiketi yawo amaisunga m'chitini cha mabisiketi, chitinicho m'bokosi, bokosilo pansi pa bedi, ndipo Sabina akafuna kusesa pansipo amayamba wapempha. Anaphunzitsa zaka khumi ndi ziwiri pa kasukulu ka mishoni kufupi ndi kwathu kuno. Kenaka inabwera njala ya 1949. Pamenepo palibe choseka. Ana anamwazikana, ena anapita ndi makolo awo kukasuma, ena tinawaika m'manda. Kasukuluko kanatsekedwa, ndipo njala itatha sikanatsegulidwenso.

Chaka chotsatira, mwezi wa Ogasiti, wansembe woyang'anira masukulu anawaitanitsa. Dzina lake lenileni lilime lathu linkalikana, tonse tinkangomuti Bambo Chindevu. Anawauza kuti pali masukulu atatu osowa mphunzitsi: ina konkuno ku Balaka pafupi ndi njanji, ina ku Nsanama, ina kwa Chande m'mbali mwa nyanja ya Chiuta.

"Musankhe nokha, a Blasius," anatero wansembeyo. "Koma mumvetsetse. Chakufupi ndi Pasaka ndidzabwera osakuuzani tsiku. Ndikadzapeza ana osakwana makumi atatu, sukuluyo ndidzatseka, ndipo inu malo ena ndilibe."

Malo ena akasowa, chotsala kwa mwamuna masiku amenewo chinali kulembetsa ku Wenela, kukalowa pansi ku migodi ya ku Joni. Tsono taganizani alamu anga: zaka makumi anayi, magalasi m'maso, chifuwa chosachedwa kugwidwa, manja odziwa choko chokha. Mgodi ukanawameza sabata yoyamba.

Munthu wina akanathokoza. Iwo anatulukira pa bwemba panga nkhope ili ndwii.

"Alamu, andisankhitsa."

"Si zabwino zimenezo?"

"Zabwino bwanji? Anzanga onse amangouzidwa kuti iwe pita uko. Nanga ine andisankhitsiranji? Mwa atatuwo muli dzenje, ndipo akufuna ndigweremo ndekha, kuti mawa adzanene kuti tinakufunsa."

"Mwina angokukondani."

"Mzunguyo? Amene amawerenga makandulo misa ikatha?"

Anaganiza zoyendera masukulu onse atatu ndi maso awo. Ine ndinatsagana nawo, koma si chifukwa cha chikondi iyayi. Kwathu kuno mkamwini sangonyamula mkazi ngati mtolo wa nkhuni, amapempha kwa mwinimbumba, ndipo mwinimbumba wa Sabina ndine. Ndinawauza kuti, "Ndikaone kaye kumene mukufuna kukamuika mlongo wanga. Kukakhala kwa afisi mupita nokha."

Tinayamba ndi ya kuno ku Balaka, chifukwa ndi yoyenda pansi. Ana analipo ngati makumi anayi, akuwagwirizira ndi katekisiti wina wokalamba. Ine ndinati tilowe tikapereke moni, alamu anakana. Tinakhala patali pansi pa mtengo ngati anthu odikira maliro. Dzuwa litakwera pang'ono sitima inalira chakumwera. Kulirako kusanathe, ana anali atatulukira m'mawindo. Uyu watola dengu la nzimbe limene anabisa pa udzu, uyo mazira owiritsa, winayo masau, onse liwiro ulendo wa ku siteshoni kukagulitsa. Katekisiti anatsala yekha akulozabe pa bolodi.

"Mwaona?" anatero a Blasius. "Mphunzitsi wamkulu pano ndi sitima. Mzungu uja akadzabwera nthawi ya sitima ndiye kuti ndatha."

Apa sindinatsutse. Ana amenewo ndimawadziwa, ndi omwe amandibera mavavu a njinga.

M'mawa mwake tinakwera njinga kulowera ku Liwonde, ndipo m'njira ndi mmene anandiululira nzeru yawo.

"Alamu, mukafuna kudziwa sukulu musamafunse mphunzitsi, amanama. Kaundula wa mayina amanamanso, ine ndinaonapo mwana woti tinamuika kale akulembedwabe kuti alipo. Ana mukawapeza odzaza musasangalale, mwina angobwerekedwa kumudzi wina tsiku lomwelo. Inu muziyang'ana benchi."

Kwa amene simunalowemo m'masukulu a m'midzi, mabenchi ake si a matabwa. Amaumba ndi dothi, atali ngati mizere ya mbatata.

"Pamene ana amakhala tsiku ndi tsiku," anapitiriza, "dothi limasalala, limachita kunyezimira, ndipo pamalowa timaenje ta matako. Pamene sipakhala munthu pamakhakhala, chiswe n'kumangapo. Zimenezo palibe angazipange usiku umodzi."

"Ndiye zaka zonse zija ku sukulu ya uphunzitsi munkaphunzira kuyeza matako?"

"Sekani, alamu. Mano muli nawo."

Tinawoloka Shire pa pantoni, iwo atakumbatira njinga yawo ngati mwana wodwala chifukwa mmodzi mwa owolotsawo anaiyamikira belu. Tsiku lachiwiri m'mawa tinafika ku Nsanama.

Abale, sukulu ya ku Nsanama ija! Njira yake anaikamo miyala yopaka laimu uku ndi uku. Chitsime pafupi, msika pafupi, sitolo ya Mmwenye yongoyenda pang'ono. Nyumba ya mphunzitsi ya zipinda ziwiri ndi khonde. Kumbuyo kwake kunali mulu wa njerwa zimene makolo anaumba okha kuti adzamangire sukulu yabwino. Ana oposa makumi asanu ndi limodzi anaimirira n'kutiimbira nyimbo mpaka ine tsitsi linanyamuka. Mumtima ndinati basi, Sabina wapeza kwawo.

Mphunzitsi wake anali mnyamata wansangala, dzina lake Feston. Anatilandira ndi manja awiri, mkazi wake n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku. Alamu anga nkhuku ija anaiyang'ana ndi diso lomwe lija.

"Sukulu yabwino chonchi mukuisiyiranji, a Feston?"

"Andisankha kukawonjezera maphunziro, achimwene. Kupanda apo sindikanachoka."

"Oho. Kuwonjezera maphunziro."

Analowa m'kalasi, n'kugwada pansi ana onse akuona, n'kupapasa benchi loyamba. Linali lozira kumene ndi dothi lakuda, lonyowa mpaka linawadetsa chala. Anayenda ndi mawondo kufika pa lachiwiri, chimodzimodzi. Onse anali ozira.

"Munazira liti?"

"Dzulo, mkazi wanga ndi amayi a m'mudzi muno. Tinamva kuti kukubwera alendo."

"Munamva kwa yani?"

"Kwa woyendetsa lole ya thonje. Anakuonani pa pantoni."

Titatuluka anandikokera kuseri kwa mulu wa njerwa uja.

"Mwaona, alamu? Akwirira umboni."

"Akwirira chiyani? Mlendo akamabwera mkazi amazira, ngakhale kwanu Sabina amatero."

"Amazira pakhonde, osati mabenchi. Pansi pa dothi limenelo pali chiswe chokhachokha. Anawo ndi obwereka, nyimboyo aphunzira dzulo, nkhukuyo ndi yotitseka pakamwa."

"Koma ana aja ndawaona akulemba mayina awo pa masileti."

"Mwana wobwereka alibe dzina?"

Nkhuku ija ndinadya ndekha ndi a Feston. Alamu anati m'mimba simuli bwino, anangomwa madzi, ndipo madziwo anakatunga okha pachitsime.

Kwa Chande tinafika Lachisanu masana, titakankha njinga pa mchenga mpaka ntchafu zinauma. Fungo la matemba ouma linatichingamira tisanaione n'komwe nyanja. Mudzi unali zii, amuna onse ali mu mzikiti. Palibe anatilandira, palibe nkhuku inathamangitsidwa. Mayi wina amene ankatembenuza nsomba pa thandala tinamufunsa za sukulu, anangoloza ndi mlomo osatiyang'ana.

"Anthu oona mtima awa," ananong'ona a Blasius. "Sakutinyengerera."

Sukuluyo inali kumapeto kwa mudzi, ya denga la udzu lofolera bwino koposa nyumba zonse, yopanda chitseko. Bambo Chindevu anali atanena kuti mphunzitsi wake anachoka mwezi wa Juni chifukwa cha malungo. Munalibe munthu. Alamu anagwada, n'kupapasa, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti ali ndi mano a m'mwamba. Mabenchi onse anali see, akunyezimira ngati apakidwa mafuta, m'mbali mwake mwaperepeseka, maenje ali ndandanda kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Iyi ndiye sukulu! Ndipo palibe amene anadziwa kuti tikubwera!"

Ine ndinakhala pa dzenje limodzi kuti ndipume. Ndinakwanamo bwinobwino, malo n'kutsalako.

"Alamu, ana a kuno amadya chiyani? Dzenje ili ndi la munthu wa ndevu."

"Ana a kunyanja ndi onenepa. Nsomba zimenezo."

Ndinayang'ana pansi. Panali mamba a nsomba ndi tizidutswa ta zingwe. Pakona panali timaenje tokumba pansi, mizere inayi, tisanu ndi titatu pa mzere uliwonse.

"Nanga bawo uyu? Ndi phunziro lanji?"

"Ana amasewera nthawi yopuma." Kenaka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndakudziwani, alamu. Inu mukufuna Nsanama chifukwa ndi pamsewu, kuti muzibwera mwezi ndi mwezi kudzadya kwa mlongo wanu. A Feston anakulonjezani chiyani pa nkhuku paja?"

Za kudyazo panali kachoonadi pang'ono, choncho nkhani ya bawo ndinaisiya pomwepo. Titabwerera ndinamufotokozera Sabina zonse, za mchenga, za udzudzu, za maenje akuluakulu aja. Iye anati, "Achimwene, mwamuna wanga akapanga maganizo ngakhale mumukoke ndi ng'ombe. Bola ndikalumidwe ndi udzudzu ali pafupi kusiyana ndi kumadikira kalata ya ku Joni." Ndinavomera kuti amutenge.

Anasamuka mu Okutobala. Ndinawaperekeza ndi katundu, ndipo ndinatsalira dala kuti ndione tsiku lotsegulira. M'mawa a Blasius anavala jekete ndi tayi, n'kuimba chitsulo chopachika pa mtengo. Panabwera ana asanu ndi awiri, onse a mabanja a Chilomwe a Chikatolika a kutsidya kwa dambo. Anakhala benchi lakutsogolo, miyendo ili lendelende. Alamu anaimbanso chitsulo, n'kuyang'ana kunjira.

Kunjirako kunatulukira amuna ngati khumi ndi asanu, maukonde ali paphewa. Analowa mmodzimmodzi mosafunsa, ndipo aliyense anapita pa dzenje lake n'kukhala, n'kukwanamo ndendende ngati chivindikiro pa mphika. Anatambasula maukonde n'kuyamba kusoka. Awiri anapita pakona paja n'kukhuthula nkhomo za bawo.

Wamkulu wawo anali Che Usumani, mwini mabwato awiri, wamtali, wa kofia yoyera. Anakweza dzanja mwaulemu.

"Pitirizani, aphunzitsi. Ife musatiwerengere, ndife a pompano."

"Bambo, ino ndi sukulu."

"Eya, tikudziwa. Dengali tinafolera ndife. Mnzanu uja anali ndi ana anayi okha, ndiye tinaona kuti mthunzi ukungowonongeka."

"Nanga ana anu ali kuti?"

"Ali kwa shehe, akuphunzira za Mulungu. Kuno sabwera." Che Usumani analuma chingwe n'kulavula. "Za sukulu ife timazidziwa, aphunzitsi. Poyamba ndi a, e, i. Kenaka kanyama ka nkhumba kobisa m'ndiwo. Kenaka madzi pamutu. Mwana amachoka pakhomo ali Abdulaziz, pobwera ndi Petulo."

Ine ndinatuluka, chifukwa ndikanaseka momwemo akanandimenya onse, Asilamu ndi Akhristu omwe. Masana ndinawapeza alamu atakhala pakhonde, tayi atamasula.

"Nanga mabenchi aja, alamu?"

"Sananame. Anthu amakhalapodi."

Mpaka lero yankho lawo ndi lomwelo. Koma nkhope inali itagwa. Ku Nsanama anali atatumizako kale mphunzitsi wina, ku Balaka chimodzimodzi. Panatsala ana asanu ndi awiri, miyezi isanu ndi umodzi, ndi Wenela.

Zimene zinatsatira ndinazimva mbali ziwiri, kwa Sabina ndi kwa Che Usumani mwini wake, amene pambuyo pake ndinazolowerana naye pa bawo.

A Blasius sanawathamangitse asodzi aja. Si kuti anali ndi chifundo iyayi. Anauza Sabina kuti, "Ndikawatulutsa akapangana kumene sindikuwaona, mawa denga lapsa. Akhale momwemo ndiziwaona manja." Asodzi nawonso mthunzi analinso nawo kwina, koma tsopano sakanachoka. Ankafuna kumugwira mphunzitsiyo akuchita zake zija, kuti mudzi wonse uone.

Mwezi wathunthu anakhala choncho, iwo kutsogolo ndi choko, asodzi kumbuyo ndi maukonde, akuponyerana maso. Nkhumba sinaoneke. Madzi sanaoneke. Zinali a, e, i basi, mpaka mkulu wina anayamba kuyankha nawo mosadziwa, anzake n'kumugunda ndi chigongono.

Kenaka Che Usumani anawaitana anzake kudooko.

"Tapusa ife," anatero. "Ana asanu ndi awiri aja ndi othiridwa kale madzi. Awathirenso chifukwa chiyani? Tikuwedza ndi mbedza yopanda nyambo."

Anagwirizana zoika nyambo. Che Usumani anapereka mwana wa mlongo wake, Abdulaziz yemwe uja, wa zaka zisanu ndi zinayi. Anamukhazika kutsogolo, iye n'kukhala kumbuyo kwake kwenikweni, maso ali pa manja a mphunzitsi.

Mphunzitsi wina akanavina. A Blasius anafika kunyumba thukuta lili kamukamu.

"Sabina, anditchera msampha."

"Msampha wanji? Si mwana mumafuna?"

"Munthu amene ananena pamaso panga kuti mwana wake sadzaponda muno, lero wabwera naye yekha, n'kumukhazika kutsogolo? Akufuna ndilakwitse kanthu kuti akandinenere ku boma kwa Bwana Disi."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, chikayiko chawo chinalasa penipeni. Ndipo anachita zimene munthu wokayika amachita. Mtsuko wa madzi akumwa anautulutsa m'kalasi, mwana akamva ludzu azikamwa kwawo. Mapemphero a ana Achikhristu aja anawasamutsira pakhonde la nyumba yawo, chitsulo chisanalire. Sabina anamuletsa kupatsa mwana wa m'mudzimo ngakhale mtedza umodzi. Lachisanu ankaweruka dzuwa lisanafike pamutu kuti wina asadzanene kuti anamuchedwetsa ku mzikiti. Mutu wa mwana sankaukhudza. Chikwapu chinapuma. Ngakhale mbewa, zimene amazikonda kuposa mlamu wawo, anazileka, poopa kuti wina angaone nyama pa mbale yawo n'kuitcha dzina lina.

Patapita masabata atatu, Abdulaziz anali akadali Abdulaziz, kungoti tsopano ankalemba dzinalo pa mchenga paliponse, mpaka pa bwato la amalume ake ndi khala.

"Nsomba iyi ndi yochenjera," anatero Che Usumani kudooko. "Nyambo imodzi ikuiona kuti ndi nyambo. Tiwonjezere, isokonezeke."

Anawonjezera asanu. A Blasius ataona asanuwo anati msampha wakula, n'kuwonjezera kusamala. Asodzi ataona kusamalako anati ndithu pali chimene akubisa, n'kuwonjezera khumi. Amayi ena anati amuna sapenya bwino, ana aakazi ndiwo amaulula zonse kunyumba, choncho mayi Lukiya anabweretsa mwana wawo Sakina, anzake atatu n'kutsatira. Pofika Febuluwale asodzi ena ankasokera maukonde panja pa zenera, chifukwa maenje awo anali atalandidwa.

Patatsala sabata imodzi kuti Pasaka ifike, Bambo Chindevu anaima pa bwemba panga ndi mthuthuthu wake. Mthuthuthuwo unali ndi chizolowezi chofera pakati pa tchire, choncho ulendo wautali uliwonse ankanditenga kumbuyo ndi masipanala anga. Sanandiuze kumene tikupita mpaka titawoloka Shire. Tinagona ku Nsanama, m'mawa n'kulimbana ndi matope mpaka kwa Chande.

Alamu atandiona ndikutsika kumbuyo kwa mzungu anangoti, "Ohoo. Ndiye mwalowa ukazitape."

Wansembe analowa m'kalasi osagwira munthu chanza. Anawerenga mitu ndi chala, n'kubwerezanso. Makumi atatu ndi asanu ndi mmodzi. Anayang'ana asodzi kumbuyo kuja, n'kuyang'ana a Blasius.

"Anawa mwabwereka kuti?"

Ndinayang'ana alamu. Funso lawo lomwe, lawabwerera.

"Afunseni nokha, Abambo."

Anaitana Abdulaziz ku bolodi, analemba. Anaitana Sakina, anawerenga mzere wonse osakakamira. Anasankha wina wakumbuyo wamamina, nayenso anaphatikiza zinayi ndi zitatu mosagwiritsa zala. Ndevu zija zinayamba kugwedezeka, ndiko kuseka kwake kumeneko.

"Zabwino, a Blasius. Zabwino kwambiri. Sukulu yotere iyenera kudalitsidwa."

Anatsegula chikwama, n'kutulutsa botolo la madzi odalitsa ndi kachitsulo kowazira kaja.

Manja onse pa maukonde anaima. Wina panja pa zenera anaimirira. Ndinamva Che Usumani akunong'oneza mnzake kuti, "Yadya." Dzanja lake linali kale pa phewa la Abdulaziz, ndipo amuna ena ankayang'ana aliyense mwana wake ndi khomo.

Alamu anga anakulira m'manja mwa ansembe. Zaka makumi atatu sanayankhepo wansembe mawu ena koma eya. Tsiku limenelo ndinawaona akudumpha benchi, jekete likuuluka, n'kuphimba chivindikiro cha botolo ndi dzanja lawo.

"Abambo, musatsegule."

"Mwati bwanji?"

"Dontho limodzi likangogwera mwana mmodzi, mawa mupeza ana asanu ndi awiri. Ngati mukufuna kuwaza, yambani mwatseka sukuluyi, ine ndikalembetse ku Wenela."

Mzungu anafiira mpaka m'makutu. "Kodi mwalowa Chisilamu, a Blasius?"

"Iyayi, Abambo. Lamulungu lililonse ndimayenda maola atatu kukapemphera, funsani mkazi wanga." Dzanja silinachoke pa botolo paja. "Munati ana makumi atatu. Simunanene kuti onyowa."

Ine ndinayang'ana kudenga, ndikuwerenga nsungwi, kuti kamwa langa lisandipereke. Bambo Chindevu anayang'ana dzanja lili pa botolo lija nthawi yaitali. Anayang'ana ana, anayang'ana makofia kumbuyo kuja. Kenaka anakoka botolo pang'onopang'ono n'kulibwezera m'chikwama.

"Nyumba yanu ili kuti?" anafunsa mokalipa.

Madzi onse aja anakathera kunyumba. Anawaza khomo, anawaza Sabina, anawaza nkhuku, otsala anandikhuthulira ine, akuti ndine amene ndikuwasowa kwambiri. Pokwera mthuthuthu anati masileti makumi anayi abwera ndi lole ya mwezi wa mawa. Mawu oti kutseka sanawatchulenso.

Tisananyamuke, Che Usumani anabwera n'kuima patsogolo pa alamu. Ine ndinati apa ndiye pathokozedwa munthu. Anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku magalasi.

"Munapangana," anatero.

"Tinapangana chiyani?"

"Inu ndi mzungu wanuyo. Iye atulutse botolo, inu muletse, ife tigone tulo. Mwachenjera, aphunzitsi. Koma ife sitichoka. Ndipo mawa ndibweretsa wina wamng'ono, tione ngati mupirire."

Papita zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Ana kwa Chande akwana makumi asanu ndi atatu, ndipo kunabwera mphunzitsi wachiwiri, amene a Blasius amati anatumidwa kudzawazonda. Asodzi anamanga chisakasa chawo chogundana ndi zenera kuti mawu aliwonse azimveka. Abdulaziz ali Sitandade 5 ku sukulu yogonera konko, akadali Abdulaziz, ndipo amalume ake amamununkhiza m'mutu akabwera ku holide. Makalata a ku Halale m'mudzi monse amawerenga ndi Sakina. Sabina wanenepa, udzudzu unatopa naye.

Ya ku Nsanama ija njerwa zinamangidwadi, pamwamba malata. Ana aja sanali obwereka, ndipo a Feston anapitadi kukawonjezera maphunziro. Amene anatenga malowo ali ndi njinga ya magiya atatu, ndimaikonza ndine. Ulendo uliwonse ndikapita kwa Chande ndimayamba ndi nkhani imeneyo, ndisanakhale n'komwe pansi.

"Alamu, ku Nsanama aika magalasi m'mawindo."

"Dikirani," amatero. "Zidzaululika."

Ndikapita ku chisakasa n'kufunsa Che Usumani kuti nanga nkhumba ija mwaipeza, nayenso yankho ndi lomwelo, dikirani. Madzulo sukulu ikaweruka awiriwo amakhala pansi pa chisakasacho n'kumasewera bawo mpaka dzuwa kupendeka. Sacheza zambiri. Aliyense maso amakhala pa zala za mnzake.